Chingwe cha a Bonaventure pa Mkuyu wa Nantchengwa

A Bonaventure Mbewe a ku Zemba akhala akukonza njinga kwa zaka makumi atatu patsinde pa mango, ndipo palibe tcheni chimene chinawakanika. Koma Loweruka masana musakawafune pamenepo, mungotaya nthawi. Amanyamula nsungwi yawo ndi kachitini ka nyongolotsi, ulendo ku damu. Nsomba zake? Aa, tisanamizane, timatemba titatu, mwina kamlamba kamodzi. Akazi awo, a Cathrine, amati ngakhale mphaka amangonunkhiza n'kuchokapo. Iwo amangoseka, ati sapitira ndiwo, amakapumitsa mutu.

Lero mukawapeza kumeneko mudzaona kathumba m'chiuno, kotoleramo zingwe zoduka ndi mapulasitiki, awo ndi a eni ake omwe. Kale sizinali choncho. Chingwe cha mbedza chikapiringizika m'bango analibe mtima womasula. Ankangodula ndi mano n'kuchisiya pomwepo, pamodzi ndi kachidutswa ka patapata wofiira kamene ankamangirira kuti kaziyandama. Mudzi wonse unkakadziwa kapatapatako.

Tsono nantchengwa ndi mbalame yotola chilichonse pomanga chisa, nsanza, mapepala, zonse. Tsiku lina m'mawa amayi ochapa ku damu anaona mmodzi akulendewera pa mkuyu pansi pa chisa chake, mwendo uli m'chingwe, kapatapata kofiira kali lendelende pambali. Palibe anayandikira. Kuno ndani sadziwa zoti wopha nantchengwa kapena kuphwasula chisa chake amapenga?

A Cathrine anafika patsinde pa mango ali wefuwefu.

"Bambo a Pemphero, chingwe chanu chija chakola nantchengwa! Akafa, wafera m'manja mwanu."

"Zachikunja zimenezo, mayi," anayankha motero poti ndi mkulu wa mpingo. Koma sipanala inawapulumuka m'manja. Mantha anali nawo ndithu, komabe chisoni chinaposa. Mbalameyo inkaima nawo m'mphepete mwa madzi Loweruka lililonse, iwo akuwedza, iyo ikusaka achule.

Anathamangira ku damu n'kukwera mkuyuwo ndi imvi zawo, lezala ali pakamwa, mawondo akulira. Pansi amayi ali, "Mayo ine, agwatu abambowa!" Mbalame inali italefuka, kukamwa kuli yasa. Anaifunditsa malaya awo. Inawajompha chala mpaka magazi, iwo osasiya. Chingwe chinali chitalowa m'khungu la mwendo, ndiye anadula pang'onopang'ono, osakhudza ngakhale kamtengo kamodzi ka chisa.

Ataikhazika pa nthambi, inangoti zii, osagwedezeka. "Ndachedwa," anatero chamumtima. Kenaka inadzikung'untha, n'kuterereka, n'kugwa ngati mwala. Iwo anatsinzina, sanafune kuona. Anangomva nthungululu za amayi zikuphulika ngati paukwati.

"Tsikani tsopano, mukudikira chiyani?" anakuwa a Cathrine.

Koma kutsika kunawakanika. Bambo wamkulu uja anangokumbatira nthambi, misozi ili chuchuchu, mpaka anthu anathamangira makwerero a ku tchalitchi.

"Mayi a Pemphero," anaitana, "mwaiona bwino? Yauluka ndithu?"

"Yauluka, bambo. Iyo ili kutsidya uko, yaima ndi miyendo yonse iwiri."