Mthuthuthu wa a Mulepa

Ndikakumbukira a Mulepa, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la petulo ndi oyilo wopserera, losakanikirana ndi la masamba a tiyi lomwe mphepo inkabweretsa kuchokera kufakitale. Tinkayandikana nyumba ku malayini a pa esiteti. Anali bambo wamfupi wa imvi, makaniko wa mathirakitala, ndipo Loweruka masana ankatulutsa mthuthuthu wawo wakale pakhonde n'kuyamba kuumasula, wailesi ikulira pambali, akazi awo akudandaula kuti beseni lochapira lasanduka la kugalaja.

Ali mnyamata ankakonza njinga yamoto ya bwana wina wa pa esitetipo, ndipo kunyumba kwa bwanayo n'kumene anaonera pavidiyo mipikisano ya njinga zamoto zothamanga m'matope, zolumpha zitunda ngati mbuzi. Mtima wawo unatsalira komweko. Ankatiuza kuti masewerawa anayambira ku Mangalande, anyamata akuthamangitsana m'minda ndi m'mapiri, kenako a ku Swideni ndi a ku Beljiyamu anadzawalanda ulemu. "Beljiyamuyo kadziko kakang'ono ngati chikhatho," ankatero, "koma anyamata ake m'matope, eee!" Bambo anga ankangoseka, ati munthu wamkulu kutengeka ndi anthu oti sadzakumana nawo.

Chaka chomwe ndinkalemba mayeso a Sitandade 8, chiperoni chinavuta kwambiri. Tinkalembera kusukulu ina cha ku Khonjeni. Anzanga anali atakagona kwa abale awo kufupi ndi sukuluyo, koma ine ndinkadalira galimoto ya pa esiteti, ndipo m'mawa wa tsiku la masamu inatitimira isanafike n'komwe kwathu. Amayi anaima pakhomo manja ali kumutu.

A Mulepa anatulukira atavala majombo, akukankha mthuthuthu uja.

"Esinati, kwera. Ugwire m'chiuno mwangamu. Ndikapendekera uku, nawenso upendekere komweko, usalimbane nayo njinga."

"Mundiphera mwana, a Mulepa!" anatero amayi.

"Mayi, ulendo umenewu ndakhala ndikuuphunzira moyo wanga wonse."

Sitinadzere mumsewu. Tinalowa m'tinjira ta pakati pa minda ya tiyi, iwo ataimirira pazopondera, tayala lakumbuyo likuvina uku ndi uku, dothi lofiira likundimenya kumsana, chifunga chikunyowetsa nkhope. Azimayi othyola tiyi anasiya ntchito n'kumatiimbira nthungululu. Pamtsetse wina pafupi ndi mtsinje tinagwa. Ine ndinagwera pamitengo ya tiyi osavulala kwenikweni, koma iwo paipi ya utsi inawaotcha mwendo. Sanauyang'ane n'komwe. Anadzutsa njinga n'kuiponda mpaka inalira.

"Akatswiri onse aja amagwa, mwanawe. Amasiyana podzuka. Kwera."

Tinafika mapepala akugawidwa. Oyang'anira mayeso anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, matope okhaokha, n'kundilozera desiki. Nditatuluka ndinawapeza a Mulepa atakhala pansi pa mtengo, mwendo atamanga ndi mpango. Sanandifunse za chilonda changa chapachigongono, anangofunsa ngati masamu anali ofewa. Anatsimphina nthawi yaitali, koma bambo anga atapita kukathokoza, nkhani yonse inali ya mmene tayala linagwirira pachitunda. Kuyambira pamenepo bambo sanawasekenso.

Ndinasankhidwa kupita kusekondale. Patchuthi a Mulepa ankandiphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira, anthu akunong'onezana kuti mtsikana sakwera zimenezo. Anamwalira ndili kukoleji, asanaonepo mpikisano weniweni ndi maso awo.

Lero ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi ya ku Khwethemule ndi ku Kapichi, ndipo ndimayenda pa njinga yamoto yakuntchito, bokosi la katemera lili kumbuyo. Mvula ikagwa anzanga ena amaimika zawo kudikira kuti kuume. Ine ndimapita, chifukwa kumeneko kuli ana akundidikira. Azimayi akandiona ndikutulukira m'chifunga matope ali mpaka m'mawondo, amafunsa kuti anandiphunzitsa ndani. Ndimawayankha kuti agogo anga, ndipo sindinaonepo chifukwa chowauzira kuti sitinali pachibale.