Mabatani Anayi pa Msewu wa ku Ndola

Msana wa atate ndimaukumbukira bwino kuposa nkhope yawo. Unali wotambalala ngati chitseko, uli m'malaya a khaki amene amayi ankasita ndi simbi ya makala, ndipo pakati pa mapewa pankayamba kadontho ka thukuta tikangowoloka mlatho wa Kafue. Kadonthoko kankakula pang'onopang'ono, moti pofika ku Ndola malaya onse anali atada mpaka m'chiuno. Kwa zaka zitatu ndinkadziwa kutalika kwa ulendo poyang'ana pamenepo, osati pa zikwangwani za mumsewu.

Tinkakhala ku Kamitondo, ku Kitwe, atate akugwira ntchito kumgodi. Chaka chilichonse mu Ogasiti, sukulu zikatsekera, ankapempha masiku awiri kuti tikaone atate aakulu, achimwene awo, amene ankaphikira mzungu wina ku Kanini, ku Ndola. Mabasi analipo, koma atate ankati munthu wokhala ndi miyendo ndi njinga alibe chifukwa choima pamzere. Vuto linali loti Ogasiti ndi mwezi wa mphepo, ndipo mphepo ya kwathu imeneyo imachokera ku Ndola kwenikweniko, ngati kuti anthu a kumeneko amaituma dala kuti itibweze. Inkabwera ndi fumbi loyera la m'milu ya zotsalira za mgodi, ndi fungo la tchire lopsa, n'kulowa m'mano, m'makutu, ngakhale m'buledi wokulungidwa kawiri. Ukapalasa katatu, iyo inkakulanda kamodzi.

Aliyense anali ndi njira yake yolimbanirana nayo. Ogulitsa makala ankatsika n'kumakankha njinga zawo, mitu ili pansi ngati ng'ombe za pangolo. Anyamata a mtauni ankathamangira kumbuyo kwa malole onyamula mkuwa, n'kumamatira pamenepo mpaka dalaivala atawaponda mabuleki. Zimenezo atate anandiletsa ndi mawu amodzi okha, ndipo ndinazichita kawiri kokha iwo osadziwa. Atate anali ndi malamulo awo. Kunyamuka faifi koloko, mphepo isanadzuke bwino. Malaya kupisira m'thalauzi, chipewa m'chikwama, zigongono kuzibweza kunthiti, chibwano kuchitsitsa pafupi ndi chiwongolero. Osayang'ana kutali, chifukwa maso akaona chitunda miyendo imafooka isanafikepo. Osapsera mtima mphepo, chifukwa iyo siitopa. Koma lamulo lalikulu linali la mzere: wamphamvu amatsogola n'kumang'amba mphepo, wofooka amasendeza tayala lake pafupi ndi tayala la mnzake, kutalikirana ngati chikhatho chimodzi. Pamenepo pamakhala kabata kodabwitsa. Udzu m'mbali mwa msewu ukugona, mapepala akuuluka, iwe ukupalasa ngati uli m'chipinda. Atate ankapatcha m'thumba. Thumba limenelo linali langa.

Patatha chaka chilandirireni ufulu n'kusintha mbendera, zinthu zinayamba kuwala ku Kamitondo. Mawailesi anachuluka, azimayi ankapita kutchalitchi ndi nsapato zolira, ndipo atate anagula njinga yatsopano yobiriwira, yakale ija n'kundisiyira ine. Ndinali mu Fomu 2, Chibemba ndikuchilankhula ngati wobadwira ku Kasama, Chingerezi ndikuchiponya ngakhale pamene sichikufunika. Ndiye kunabwera Yotamu.

Yotamu anali msuweni wanga, mwana wa mlongo wa atate, wochokera kumudzi cha ku Katete, wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi, wamtali ndi wowonda ngati bango. Anabwera kuti atate amupezere ntchito. Tsiku lomwe anafika atate anapha tambala amene ine ndinkamudyetsa, ndipo chiwindi chinapita m'mbale ya Yotamu. Nditadandaula kukhitchini, amayi anandiuza mosabisa kuti kwathu mwana wa mlongo ndiye wa pamtima pa malume wake, ine ndine wa mtundu wa amayi, ndiye ndisachite nkhope. Ndinachita nkhope. Ndinachitanso zina. Ndinamuuza kuti saireni ya kumgodi ikalira, lamulo la boma latsopano ndi loti aliyense aime njo mpaka itasiya, ndipo anaimadi pakati pa msika, kabichi ali m'khwapa, azimayi ogulitsa tinsomba ta kapenta akugwa ndi phwete. Chimene chinandiwawa n'chakuti atazindikira, iyenso anaseka, n'kukafotokozera atate yekha, atate n'kuseka mpaka kutsokomola. Ine ndikachita zotero ndinkalandira lamba. Iye akapusitsidwa ankalandira dzanja paphewa.

Ulendo wa ku Ndola utayandikira, atate anamubwerekera njinga kwa mkulu wa mpingo woyandikana nafe. Kenaka, tikupopa matayala pakhonde, ananena mawu amene ndinkawaopa.

"Yotamu akhala pambuyo panga. Iwe utseka mzere."

Kunena chilungamo, wachitatu pamzere nayenso amabisala, mwina kuposa wachiwiri. Ndinkadziwa zimenezo. Koma kubisala kumbuyo kwa bango logwedezeka si kubisala, ndiponso nkhani sinali ya mphepo. Ndipo ngati kuti zimenezo sizinakwane, atate analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chijasi chawo chakuda, cholemera, cha mabatani anayi akuluakulu ngati zitsekerero za mabotolo, chimene ine ndinkachiyesa mobisa pagalasi kuyambira ndili ku pulayimale. Anati mwana wa kumudzi sanazolowere chisanu cha m'mawa wa kuno, avale chimenechi, amange mabatani onse.

Masana a tsiku lotsatira, amayi ali kumsonkhano wa azimayi, ndinatenga lezala ya atate n'kukhala pansi ndi chijasi chija. Sindinadule mabatani, ayi, zimenezo ndi za ana a pulayimale. Ndinalowetsa lezala kuseri kwa batani lililonse n'kudula ulusi wonse kusiya kamodzi kokha, kokwanira kuti munthu amange bwinobwino pakhomo, kosakwanira kupirira mphepo ya Ogasiti. Mpaka lero ndimati inali ntchito yaukhondo. Aphunzitsi athu a sayansi akanaiona akanandipatsa mphoto.

Mawa lake tinanyamuka kukuyera, tauni ikununkha utsi wowawa wa ku ng'anjo ya mkuwa. Mpaka pamlatho mphepo inali ikungotinyambita. Titayamba kukwera tsidya linalo inadzuka, ndipo ndinaona chijasi chikufufuma pang'ono m'mbali. Batani loyamba linathothoka cha m'ma seveni koloko, n'kugunda sipoko yanga, kuti thii. Lachiwiri ndi lachitatu anapita limodzi. Lachinayi linalimbikira ndithu, mpaka ndinayamba kukayikira dzanja langa, koma lole ina itadutsa ndi chimphepo chake, nalonso linagonja. Chijasi chinatseguka ngati mapiko a mleme wamkulu. Yotamu anaima pamapedulo, akupalasa ndi mphamvu zonse za munthu wolima, koma njinga inkangokhala ngati yamangidwa ku mtengo. Akagwira chijasi ndi dzanja limodzi, chiwongolero chinkapita kutchire. Akagwira chiwongolero, chijasi chinkamukokera ku Kitwe. Mpata pakati pa iye ndi atate unakula, chikhatho n'kukhala mkono, mkono n'kukhala bwalo la mpira. Ine ndinamuzungulira mwaulemu, ndinalizanso belu, n'kulowa m'thumba mwanga.

Sindidzaiwala kukoma kwa mphindi zimenezo. Kadontho ka thukuta kanali pamalo pake, kukula kwake ngati dzira. Mphepo inatha. Ndinamva tcheni cha njinga yatsopano chikulira mofewa, ndi fungo la sopo wofiira wa atate. Iwo sankacheuka akakhala patsogolo, ndipo ankamva tayala kumbuyo kwawo, ndiye ankaganiza kuti zonse zili bwino. Tinayenda choncho mwina mailosi awiri.

Chinandiwononga ndi chifuwa. Fumbi linandilowa, ndinatsokomola, ndipo atate ankadziwa kutsokomola kwa mwana wawo. Anacheuka, anaima, anayang'ana kumbuyo kumene kachinthu kakuda kankakupiza mapiko patali. Tinadikira pansi pa mtengo wa msuku. Yotamu anafika akukankha njinga, milomo itayera, bondo likutuluka magazi pang'ono, n'kuyamba kupepesa kuti wawononga chijasi cha amalume. Atate anagwira pamene panali mabatani, n'kuyang'anitsitsa timaulusi totsalira. Ulusi woduka wokha umanyenyeka. Uwu unali wodulidwa mofanana bwino, ngati tsitsi la msilikali. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamasula mphira ya pakeliyala, anakulunga chijasi, n'kuchimanga kumbuyo kwa njinga yanga.

"Iwe mphepo ukuidziwa bwino," anatero. "Tsogola."

Ndinali ndisanatsogolepo. Ndinkaganiza kuti ndikuidziwa mphepo chifukwa ndinkaiona ikugoneka udzu, koma kuiona ndi kwina. Inandigwira pachifuwa ngati munthu wokukaniza kulowa pakhomo. Maso anadzaza misozi ndi mchenga, milomo inang'ambika, ntchafu zinayaka moto tisanafike n'komwe pamphambano ya ku Luanshya. Ndinachita zonse za m'malamulo, zigongono kunthiti, chibwano pansi, maso pa phula la patsogolo pa tayala, kupatula limodzi lija loti osapsa mtima. M'makutu munali mkokomo wokhawokha, moti ndinkamva ngati ndili ndekha pa dziko lonse. Ndiye ndinayamba kulankhula. Ndinatukwana mphepo m'Chibemba, poti m'Chinyanja sindikanatha, mwana wa mpingo. Kenaka ndinatembenukira kwa Yotamu. Ndinati bango, ndinati mleme, ndinati wadya chiwindi cha tambala wanga. Ndinafotokozera mphepo mmene ndinagwirira lezala, batani ndi batani, ndi kuti ndikanakhala ndi mpata ndikanachitanso. Ndinanenanso kuti munthu amabereka mwana wake n'kukapatsa msana mwana wa eni.

Pali chinthu chimodzi chokhudza mphepo ya kumaso chimene ndinkachidziwa bwino kwa zaka zitatu, koma tsiku limenelo ndinachiiwala. Wa kumbuyo akalankhula, wa kutsogolo samva kanthu, mawu amabwerera kumene achokera. Koma wa kutsogolo akangong'ung'udza, mphepo imanyamula liwu lililonse n'kukalitula m'makutu mwa amene akumutsata. Ndi mmene ndinkamvera nyimbo za m'buku la mpingo zimene atate ankaimba chapansipansi poganiza kuti ali okha. Ndinakumbukira zimenezi titayamba kuona nyumba zoyamba za Ndola, nditalankhula kale kwa ola lathunthu. Ndinacheuka. Atate anali chikhatho chimodzi kumbuyo kwanga, atapinda msana wawo waukulu uja kuti ukwane m'kathumba kanga kakang'ono, Yotamu ali kumbuyo kwawo. Onse awiri mapewa ankagwedezeka. Atate ananena kanthu kwa Yotamu, Yotamu n'kuyankha, n'kusekanso. Ndinaona milomo yokha. Mphepo inatenga mawuwo n'kupita nawo ku Kitwe.

Lamba sanabwere. Ku Kanini, kuseri kwa nyumba ya mzungu kumene atate aakulu ankakhala, atate anga anandipatsa singano ndi mabatani anayi osafanana, ndipo ndinasoka ena akudya. Atate aakulu atafunsa amene anatsogola pamphepo yotere, atate anandiloza ndi chibwano, n'kunena kuti uyu wakula, pakamwa pokha ndi pamene patsala. Pobwerera mawa lake mphepo inali kumsana, ikutikankha tonse mofanana, ndipo tinayenda moyandikana, mbali ndi mbali, aliyense malaya atafufuma. Mphepo ikakhala kumbuyo palibe amene amafuna msana wa mnzake.

M'thumba muja sindinabwereremonso. Chaka chotsatira ndinatsogola kuyambira pakhomo, chinzakenso chimodzimodzi, atate pakati, Yotamu akutseka mzere, mpaka pamene mawondo a atate anayamba kukana ndipo tinayamba kuima pamzere wa basi ngati anthu ena onse. Yotamu analowa ntchito kumgodi, chijasi n'kukhala chake, ndi mabatani anga osafanana aja. Anthu amene ndimawafotokozera nkhaniyi amafuna ndinene kuti ndinaphunzirapo kanthu, kuti atate anandipatsa ulemu woposa umene ndinkaulirira. Mwina n'zoona. Koma ine ulemu sindinaupemphe. Ndinkafuna kadontho ka thukuta kaja ndi nyimbo za chapansipansi, ndipo lezala inandigulira mailosi awiri a zimenezo, omaliza m'moyo wanga. Sindinapepese, ndipo sindikuona chifukwa.

Chimene chimandidyabe ndi china. Ndamufunsa Yotamu kangapo konse, tili anyamata, tili ndi ana, ngakhale pa maliro a atate, kuti kodi paja anakuuza chiyani pamene munkaseka polowa mu Ndola. Iye amangopukusa mutu, mapewa n'kuyamba kugwedezeka ngati tsiku lomwe lija.

"Msuweni," amatero, "zimenezo ndi za ife a kumbuyo."