Mkangano wa poika bedi

Chaka chimene ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi ku Pembamoyo, ndinakumbutsidwa kuti nyumba imene ndinalereramo ana anga onse inali ya sukulu. Mphunzitsi wolowa m'malo mwanga anali atayamba kale kuyang'ana makatani anga ngati ake. Mvula inali pafupi, ndipo kumudzi tinalibe ngakhale khoma loimirira. Ndinachita mantha, sindinama.

Anthu anatilozera kwa bambo wina wa pa boma pa Chadiza, amene ntchito yake inali kupezera eni nyumba ogula. Onse ankangoti a Ejenti. Ofesi yawo inali khonde la golosale ndi foni yomanga ndi mphira. Ndinapitako ndekha, nditatchena chitenje cha ku tchalitchi.

"Abambo kunyumba alipo?" anandifunsa.

"Alipo, koma penshoni ndi yanga."

"Sindikukana, aphunzitsi. Koma ine sindionetsa nyumba munthu mmodzi. Mudzati, 'Ndikafunse kaye abambo,' basi osaonekanso. Nsapato zanga zatha ndi anthu ongofuna kusuzumira m'nyumba za anzawo."

Ndinabwerera ndikuwalalatira mumtima njira yonse. Komabe Loweruka ndinabweranso ndi amuna anga, munthu amene amakhulupirira kuti anabadwa mmisiri ngakhale sanamangepo khola la nkhuku lowongoka.

Nyumbayo inali ya njerwa zootcha, ya malata, mtengo wa mango kuseri, mjigo pafupi. Ndinaikonda ndisanalowe n'komwe. Koma pabwalo panali pataima galimoto, ndipo mwini wake, mkulu wochokera ku Chipata, anali kale mkati ndi mkazi wake wonunkhira mafuta odula. Nawonso anabwera kudzaona nyumba yomweyo. Iwo ankayamikira chilichonse, uku akujambula ndi foni. Ndinawanong'oneza amuna anga kuti, "Lero musandichititse manyazi. Tizingoyamikira ngati anzathuwa."

Tinapirira mpaka m'chipinda chachikulu. M'menemo amuna anga anayamba kuyeza khoma ndi mapazi.

"Bedi likhala apa," anatero. "Matumba a chimanga pakona apo."

"Chimanga kuchipinda? Kuti anankafumbwe azitiyenda kumaso?"

"Nanga mukufuna akuba atithandize kudya, amake mwana?"

"Chipite m'kachipinda kaja! Ndipo bedi apo ayi. Simukuona bowo pa lata ilo? Padzadontha pamutu panu pomwe."

Iwo anati amata ndi phula, ntchito yaing'ono. Ine ndinawakumbutsa za khola lija. Iwo anandikumbutsa za kabati ya mayi anga imene sinalowepo pakhomo lililonse mwamtendere. Mawu anakwera, nyumba yopanda katundu n'kumatiwonjezera phokoso. A ku Chipata aja anatuluka mwakachetechete. Nditatembenuka ndinaona a Ejenti ataima pakhomo, manja atapinda, akutimvetsera. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinati basi, pakamwa pangapa pandilanda nyumba.

 A Ejenti anatuluka pakhonde n'kuimbira foni mwini nyumba, mokuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya la dambo.

"Ogula apezeka! Ayi, osati a galimoto. Aja ayamikira ngakhale chimbudzi chopanda chitseko, sabweranso amenewo. Ndikunena aphunzitsi. Eee, ndatsimikiza. Alowa kale, panopa akukangana za poika bedi."

Ndinangokhala pansi pa simenti ya fumbi ija n'kuseka mpaka misozi. Amuna anga anakonza kolala n'kunena kuti, "Mwaona? Ine ndinadziwa." Bodza lenileni, nawonso anali atatuluka thukuta.

Pambuyo pake a Ejenti anandiuza kuti iwo amangoima pakhomo n'kutchera khutu. Wongodutsa saona chiswe, safunsa kumene madzi a mvula amalowera, sakwiya ndi chilichonse, chifukwa sadzagonamo. A ku Chipata aja sanaimbenso foni.

Tinamaliza za mapepala pamaso pa mboni, ndipo katundu tinasamutsa pa ngolo mitambo itayamba kale kuda. Chimanga chinapita m'kachipinda, monga ndinanenera. Bedi ndinawasiyira, linakhala pamene anafuna iwo. Mvula yoyamba inabwera masana abambo aja atagona tulo, phula asanagule, ndipo dontho loyamba linawagwera pamphumi penipeni. Ine ndinaseka, osathamangira beseni. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, denga lodontha linali langa.