Ndere ya Alamu Anga

Kumtsinje wa kwathu, kuseri kwa Kasakula, kuli miyala imene dzuwa silifikapo. Pamenepo pamamera ndere ina yaphanthiphanthi, yobiriwira, yomatirira pamwala, yooneka ngati chiwindi cha nkhuku. Ife tinkangoidziwa kuti imaterera, basi. Ngakhale mbuzi siidya.

Koma alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anaonapo mankhwala. Munthu woti fodya anamukanika, mtedza unamukanika, ndiye ati ayese ung'anga! Anakapala ndereyo, n'kuiyala pamapale pansi pa nkhokwe, n'kumaithirira m'mawa ndi madzulo, nazale yawo ya fodya ikuuma poteropo.

Chaka chimene atate anatupa mimba, maso atasanduka achikasu, ine ndinali nditapangana kale ndi wanjinga yamoto kuti awatengere kuchipatala ku Madisi. Alamu anatulukira ndi phale lawo m'manja, n'kugwada.

"Bambo, taonani nokha," anatero. "Si chiwindi ichi? Inunso chikukudwalitsani ndi chiwindi. Mulungu sajambula pachabe. Kuchipatalako akakung'ambani."

Atate ankaopa mpeni kuposa imfa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, m'bweze wanjingayo. Tiyambe tayesa za mkamwiniyu."

Ndinalankhula mpaka mawu kusasa. Amayi ananditsina pantchafu, ati ndikuchititsa manyazi mkamwini wapakhomo.

Ndiye kunayamba kumwetsa. Kusinja, kuviika, kusefa ndi kansalu, madzi ake onunkha matope. Atate akasanza, alamu ankawomba m'manja, ati matenda akutuluka. Zamkutu zenizeni! Mvula yoyamba isanagwe tinawanyamulabe atate kupita ku Madisi komwe kuja, koma anali atasiya kale kutizindikira. Sanabwereko amoyo.

Kodi tikanapita msanga akanachira? Sindidziwa, ndipo sindidzadziwa, chifukwa cha munthu ameneyu. Pamaliro analira kuposa tonsefe, mamina chuchuchu, kudzigwetsa pansi kuti anthu amugwire. Ndinkamuyang'ana malovu akundiwawa m'kamwa.

Titabwerako kumanda ndinazungulira kuseri kwa nyumba kukatenga nkhuni. Ndinawapeza alamu aja atanyonyomala pansi pa nkhokwe, chikho m'manja, akuthirira ndere yawo. Sanadzidzimuke n'komwe. Anadzutsa mutu n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Alamu, mwawaona bwino amayi? Maso awo aja ayamba chikasu."