Firiji ya Che Binali ndi Khadi la Samueli

M'mawa uliwonse, Che Binali akachoka ku swala, mapemphero a kumzikiti, sankapita kunyumba kukamwa tiyi. Ankayamba adzera kukachipatala kathu, n'kugwada kumbuyo kwa firiji ya parafini kuti aone lawi. Likakhala la buluu ankadzuka, n'kusasa mchenga m'mawondo. Likakhala lachikasu ankadula chingwe cha nyale ya firijiyo ndi lumo, n'kupukuta mwaye, uku akulikalipira ngati mwana wokana kusamba.

Anali mlangizi wa zaumoyo kumudzi kwathu, kunyanja, chakufupi ndi Lifuwu. Anali wamfupi, wa ndevu zaimvi, ndipo njinga yake inkalira moti tinkadziwa kuti akubwera isanaoneke. M'firijimo munkakhala katemera yekha. Asodzi ankabwera kudzapempha kuti awasungireko chambo, koma iwo ankayankha chimodzimodzi: "Muno mumagona alendo a boma. Nsomba zikagone kwawo."

Lachinayi lililonse ankamangirira bokosi la katemera pa njinga, n'kukachititsa sikelo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi dooko. Pa nthambi ankapachika sikelo ndi kathumba kokhazikamo ana.

Mu 1995 anakumana ndi vuto lomwe sanaphunzitsidwe kusukulu kwawo. Zipani zambiri zinali zitabwera, ndipo anthu anali asanaiwale nthawi imene munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani. Ambiri makhadiwo anawotcha. Achimwene anga a Jailosi, omwe ndi msodzi, anapitirira pamenepo. Analengeza kuti m'nyumba mwawo simudzagonanso khadi la mtundu uliwonse, ngakhale la kusikelo.

"Tinavota," ankatero. "Za makhadi zinatha."

Mwana wawo Samueli anali atakwanitsa miyezi isanu ndi inayi, nthawi yolandira katemera wa chikuku. Amalonda a nsomba ochokera ku Khombedza ankanena kuti kumeneko chikuku chagoneka ana ambiri. Alamu anga a Edina anapempha kuti apite naye kusikelo, koma achimwene anangopinda kamalaya ka mwanayo, n'kuonetsa chipsera cha paphewa.

"Chidindo ndi ichi. Anabayidwa kale atangobadwa. Mukufuna mumuboole ngati sefa?"

Che Binali anabwera kawiri kudzakambirana nawo. Ulendo woyamba achimwene anathawira kunyanja. Wachiwiri anawapatsa mpando ndi tiyi, n'kuyamba kuwasimbira za mitengo ya maukonde mpaka dzuwa linatentha.

Amene anatithandiza anali kampango. Achimwene akumuchotsa mu ukonde, munga wake unawabaya pachikhatho. Anamangapo kansalu n'kunena kuti si kanthu. Patapita masiku atatu dzanja linatupa, thupi linatentha, ndipo m'khwapa munatuluka mwanabere. Lachitatu masana ine ndi alamu tinawaperekeza kukachipatala. Ine ndinakhala pabenchi pafupi ndi chitseko, Samueli ali pamiyendo.

Che Binali anamasula kansalu kaja, n'kuyang'ana bala.

"A Jailosi, mpanda wabooka apa."

"Mpanda wanji?"

"Khungu. Ndiye mpanda wa thupi. Tizilombo toyambitsa matenda tili paliponse, m'madzi, pa ukonde, pa nsalu yakudayi, koma khungu likakhala lathunthu timangozungulira panja. Kampango wanu watitsegulira chipata."

Anayamba kutsuka balalo. Achimwene analuma mano, mafinya akutuluka.

"Ndawola, eti?"

"Simunawole. M'magazi mwanu muli asilikali, ang'onoang'ono oti diso silingaone. Chipata chikatseguka amathamangira pomwepo, n'chifukwa chake pamatupa ndi kutentha. Amameza tizilombo, ambiri n'kufera pomwepo. Mafinyawa ndi iwowo, pamodzi ndi adani awo. Muziwalemekeza."

"Nanga chotupa cha m'khwapachi?"

"Imeneyo ndi kampu yawo. Akuchulukana m'menemo. Mankhwala amene a namwino akupatseni ndi ongowathandiza."

Achimwene anakweza mkono, n'kusuzumira m'khwapa mwawo mwaulemu. Kenako nkhope inawala ngati munthu amene wapambana bawo.

"Ndiye mwanena nokha, adokotala. Ngati asilikali alimo kale, Samueli alinso nawo. Jakisoni wina ndi wa chiyani?"

Che Binali anawagwiranso dzanja lija. Anamanga bandeji, n'kudula ndi lumo lomwe lija la chingwe cha firiji, atalitsuka.

"Muli ndi maukonde angati?"

"Awiri. Matchera ndi chilimira."

"Bwanji osagulitsa chilimira? Matchera ndi ukondenso. Muzigwirira usipa."

"Inu, usipa pa matchera? Ungodutsa m'maso ngati mphepo."

"Ndiye chikuku chingodutsanso pa chipsera chija. Asilikali othamangira pabala amamenya aliyense, koma matenda ena amawaposa liwiro. Amafuna gulu lina, losoka ukonde wa mdani mmodzi yekha, pa muyeso wake. Chipsera cha Samueli ndi cha chifuwa chachikulu. Ukonde wa chikuku alibe."

"Thupi lisoka lokha chikabwera."

"Lisoka, inde. Koma limatenga sabata kapena kuposa. Inu mumayamba kusoka chilimira usipa utafika kale? Mwana wamng'ono chonchi chikuku sichimudikira. Chimatha kumulanda maso, kapena kumutenga. Katemera ndi chikuku chomwecho, koma chofooketsedwa, chosatha kumenya. Thupi limachiyeza, limasoka ukonde, n'kusunga muyeso wake zaka ndi zaka. Chenicheni chikadzabwera chimapeza atchera kale."

Achimwene anayang'ana Samueli, amene ankatafuna mkanda wanga. Anakanda kumutu ndi dzanja labwinolo.

"Koma khadi lake ndinawotcha."

"Munawotcha chikuto cha kope la alongo anuwa," anatero alamu, maso ali pansi. "Khadi lili m'buku la nyimbo. Ndinadziwa kuti m'menemo simutsegula."

Che Binali anaseka mpaka anatsamira firiji, kenako anaipepesa.

"Khadi ili silofunsa kuti mumavotera ndani," anatero akupukuta misozi. "Limangotikumbutsa maukonde amene tasoka ndi amene atsala."

Mawa lake linali Lachinayi. Achimwene ananena kuti popeza dzanja silikuwalola kupalasa bwato, mwana amunyamula okha. Anafika pansi pa mango ali mwamuna yekhayo pakati pa amayi oposa makumi atatu, khadi lili m'thumba la shati, likuonekera.

"Taonani a Jailosi agulanso khadi," anatero mayi Tausi, ogulitsa usipa wowuma. "Ndi la chipani chiti, bambo?"

"Cha chilimira," anayankha achimwene, n'kukhala pamphasa.

Amayi anawapanikiza kuti ayimbe nawo nyimbo ya kusikelo, ndipo anayimba ndi mawu okhuthala, akuphonya mawu ena. Nthawi ya jakisoni itakwana, Samueli analira pang'ono n'kusiya. Amene anatseka maso anali bambo ake. Che Binali analemba tsiku pakhadi, n'kuwachenjeza kuti pakatha sabata thupi la mwana likhoza kutentha pang'ono.

"Mukadzaona zimenezo musadzati ndamulodza. Adzakhala akusoka."

"Ndamva. Koma musauze anzanga kudooko kuti ndinayimba."

"Amva kale. Munayimba mokweza."

M'mawa mwake, Che Binali atachoka ku swala anapeza chambo ziwiri zazikulu zitapachikidwa pachitseko cha chipinda cha firiji. Ine ndinali pa mjigo wa pachipatalapo, ndipo ndinaona zonse. Anaziyang'ana, anayang'ana kunjira ya kwathu, n'kupukusa mutu. Anazipachika pa hendulo ya njinga, panja. Kenako analowa, anagwada kumbuyo kwa firiji, n'kusuzumira lawi. Linali la buluu.