Mphini za alamu anga pa kanema wa apolisi

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, anali dalaivala wa basi, komanso mkulu wa mpingo ku Tottenham, kuno kwa azungu. Ndi anthu aja amapempherera tiyi mpaka kuzizira. Chaka china mayi wina wachizungu analandidwa chikwama pamsika wa ku Woolwich, ndipo apolisi anaitana alamuwo, ati kamera ya pamsewu yaonetsa munthu wofanana nawo. Mlandu ukanawagwira, ntchito ya basi inali yothera pomwepo.

Ndinawaperekeza. Kuno sandandika anthu pakhoma ayi. Amakujambula nkhope, n'kuisakaniza ndi za ena ofanana nawe, mboni n'kuonera pa kanema. Tili pakhomo wapolisi anawauza kuti ali ndi ufulu woitana loya, adzaone nkhopezo mayi uja asanazione.

"Alamu, vomerani," ndinawanong'oneza.

"Loya ndi wa mbava, alamu. Ine wondiyankhulira ali kumwamba."

"Nanga kuno ku polisi mwamulembetsa?"

Anandiyang'ana ngati ndayatsa fodya m'tchalitchi, n'kusaina pepala lokana loya, n'kulowa okha.

Tsono alamu angawo ali ndi mphini m'masaya, anawatema asing'anga ali khanda. Kumpingo amati anakandidwa ndi mphaka. Mphaka wake woyenda ndi rula! Zam'katimo anandiuza okha potuluka, akunyadira. Anawaonetsa nkhope zija, anzawo onse osalala ngati mabiringanya, iwo okha olembalemba. Wapolisi anafunsa ngati pali chowadandaulitsa. Mmalawi kudandaula pamaso pa yunifolomu? Komanso akanayamba bwanji, poti kutchula mphini n'kuvomera za asing'anga? Anangogwira manja kumbuyo: "Zonse zili bwino, bwana, zikomo kwambiri."

Mbewa kuthokoza diwa!

Mayi uja anali atanena kale kuti wakubayo anali ndi zipsera kumaso. Analoza alamu osaphethira n'komwe. Kuntchito anawaimitsa sabata yomweyo.

Mlongo wanga ndiye anakagwira loya, mtsikana wa ku Croydon, wamng'ono kuposa mwana wawo woyamba. Ataona kanemayo anagwira pakamwa. Anati akanakhalapo akanauza apolisi aphimbe mphinizo, kapena azijambule pankhope zonse, ntchito yosatenga ndi ola lomwe. Anakokanakokana ndi apolisiwo miyezi ingapo mpaka mlandu unafafanizidwa. Koma kampani ya basi inali itatopa kudikira, chiwongolero atapatsa wina.

Lero alamu amakolopa m'maofesi. Ukawafunsa amausa moyo, ati chinali chiyeso cha Ambuye. Ine ndimangoti, alamu, Ambuye musawanamizire, pepala lokana loya lija munasaina ndinu, ndi cholembera chanu chomwe.