Mipopi Iwiri, Paipi Imodzi

Amuna anga ndi pulambala. Kuchipatala komwe amagwira ntchito amangowatchula kuti a Sipanala, poti ngakhale kuukwati amapita ndi kasipanala m'thumba la jekete. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akhala akukwawa kunsi kwa masinki ndi kukwera pamathanki. Paipi ikamadontha mkati mwa khoma, amangogunditsa khutu n'kuloza ndi chala: "Boolani apa." Ndipo madzi amapezeka pomwepo.

Chaka chatha bwana watsopano adamata chikalata pabolodi. Aliyense wopanda satifiketi ya ntchito yake alembe mayeso, wolephera ntchito yatha. Kwa ife ntchito ikatha ndiye kuti nyumba yapitanso, chifukwa timakhala m'nyumba ya chipatala, momwe ndalerera ana onse anayi. Mayeso a manja sadatidetse nkhawa. Choopsa chidali pepala la masamu, aja okamba nkhani aja, poti abambowa sukulu adalekezera panjira. Kuti munthu akhoze pamafunika malikisi makumi asanu pa zana.

Ine ndidaphunzirako pang'ono kuposa iwo, ndiye uphunzitsi udagwera ine. Mayo ine, ndidaziputa! Lamulungu lililonse masana tinkakhala patebulo, ine ndi buku, iwo ndi pensulo yosongola ndi mpeni.

Kuwerengera amatha, musawaone choncho. Vuto lawo lidali kukangana ndi funso.

"Amuna asanu ndi mmodzi akumba ngalande masiku anayi," ndikuwerenga ine. "Nanga akakhala khumi ndi awiri?"

"Ngalandeyo ndi yotambalala bwanji?"

"Sadanene."

"Ndiye atemana ndi mapiki. Awiri agonekedwa m'wodi, ntchito yaima."

"Abambo, m'buku anthu satemana, satopa, sapita kumaliro. Lembani masiku awiri!"

Adalemba, koma nkhope ngati akumeza mankhwala owawa.

Kenaka tidafika pa funso la mipopi. Mpopi wina umadzaza thanki m'maola anayi, wina m'maola asanu ndi limodzi. Mukatsegula yonse iwiri, thanki idzadza nthawi yanji? Ndidawaonetsa njira yake: pa ola limodzi uwu ukuthira gawo lakuti, uwo gawo lakuti, muphatikize. Adatsatira bwinobwino mpaka yankho, maola awiri ndi mphindi makumi awiri ndi zinayi. Atatero adaika pensulo pansi.

"Ili ndi bodza, amayi."

"Bodza lotani? Mwapeza nokhatu."

"Mipopi iwiri ikamayamwa paipi imodzi, mphamvu ya madzi imagawanika. Yonse imafooka. Tiyeni panja."

Kuseri kwa nyumba kuli mipopi iwiri, wa pasinki yochapira ndi wa pakhoma. Adagubuduza mgolo, kulumikiza mapaipi a labala, n'kundipatsa wotchi yawo. Mpopi woyamba udadzaza mgolo m'mphindi khumi, wachiwiri m'mphindi khumi ndi zisanu. Mwa njira ya m'buku, yonse pamodzi zikadakhala mphindi zisanu ndi imodzi. Atatsegula yonse iwiri ndidaima ndi wotchi m'manja, madzi akutuluka mwaulesi, mpaka mgolo udadzaza patatha mphindi zisanu ndi zitatu.

"Mwaona?" adatero, akumwetulira ngati wapha njoka.

Pamenepo mtima udandipsa. "Ndaona! Nanga mgolowu ndi umene ukachonge pepala lanu? Akatitulutsa m'nyumba muno tikagona mumgolomu? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, abambo. Ofuna ntchito ndi inu, si wolemba bukuyo."

Adakhuthula madzi m'maluwa, n'kupinda mapaipi awo pang'onopang'ono. Mlungu wonse funso limenelo sitidalikhudzenso, ndipo ine ndinkangopemphera kuti lisadzabwere.

Tsiku la mayeso ndidawaperekeza. Ankalembera m'holo ya chipatala, ine ndidakhala pabenchi m'khonde, moyang'anizana ndi zenera. Ndinkawaona kumsana, jekete yawo ya kutchalitchi itathina m'mapewa. Ola loyamba dzanja linkayenda, mtima wanga n'kukhalako pansi. Kenaka dzanja lidaima. Adakhala chiwongokere, pensulo m'mwamba, akuyang'ana pepala ngati munthu amene wawatukwana. Ndidadziwiratu kuti funso la mipopi lija labwera basi.

Mphindi zidapita. Anzawo akutembenuza masamba, iwo ali pomwepo. Ndidalakalaka kugogoda zeneralo. Ndidayamba kuwerenga mumtima katundu wathu, kuti kabati yathu ikatulukira khomo liti. Woyang'anira mayeso atanena kuti kwatsala mphindi khumi, ndi pomwe adawerama n'kuyamba kulemba mothamanga.

Atatuluka ndidawagwira mkono. "Mwalemba chiyani?"

"Za m'buku."

"Zokhazo?"

Adayang'ana kumbali. "Ndawonjezera mzere umodzi kunsi. Ndati yankholi ndi loona pokhapokha mpopi uliwonse uli ndi paipi yakeyake. Ndajambulanso mapaipiwo."

"Nanga funso lomaliza?"

"Nthawi inatha."

Ndidangoti khumakhuma pabenchi paja. Malikisi khumi athunthu atayidwa chifukwa chojambula mapaipi! Njira yonse yobwerera kunyumba sindidawalankhule, ndipo ndikuvomera, ndidawada tsiku limenelo.

Tidadikira milungu itatu. Ndidayamba kupempha makatoni kugolosale, ndikumawabisa kunsi kwa bedi kuti ana asaone. Iwo ankapita kuntchito masiku onse, koma chakudya chinkabwerera m'mbale momwe chidapitira.

Lachisanu lina adabwera masana, envulopu ili m'manja, n'kuiika patebulo. Ndidaitsegula mothamanga, mpaka ndidang'amba ngodya. Malikisi makumi asanu ndi awiri. Ndidakuwa, ndidalumpha, ndidasolola makatoni aja n'kuwaponya panja. Ntchito ilipo, nyumba ilipo!

Koma abambowa adangokhala pampando, chipewa chili pabondo.

"Nanga bwanji? Mwakhozatu!"

"Tembenuzani," adatero.

Pepala lawo la mayeso adalibweza limodzi ndi zotsatira. Pa funso la mipopi, yankho la m'buku lidali lochongedwa, malikisi onse. Kunsi kwake kudali kachithunzi kawo, mapaipi awiri owongoka bwino, mivi yoonetsa komwe madzi akulowera. Wochonga adadutsitsa cholembera chofiira pamenepo, n'kulemba pambali liwu limodzi: Zosafunika.

"Pa pepala lonseli, amayi, changa chenicheni ndi chokhacho," adatero motsitsa mawu. "Zina zonsezi ndi zanu ndi za buku."

Chimwemwe chija chidandithera. Ndidakumbukira momwe ndidawakalipira kuseri kwa nyumba, wotchi yawo ili m'manja mwanga ikundiuza kuti akunena zoona. Ndidachita manyazi kwambiri.

Satifiketi ili m'kabati, sadaifunsepo n'kamodzi komwe. Kachithunzi kaja ndidakadula ndi sizasi, kusiya liwu lofiira lija kunja, n'kukamata mkati mwa chivundikiro cha bokosi lawo la zida. Lolemba m'mawa adatsegula bokosilo, adakayang'ana nthawi yaitali, n'kutseka.

"Mphindi zisanu ndi zitatu," ndidatero ine ndili pakhomo. "Ndinaona ndi maso angawa."

Adagwedeza mutu, kunyamula bokosi, n'kumapita kuntchito.